Nkhope ya malemu pa tisheti: chifukwa chomwe 65 lpi inakanikira, 45 n'kutheka

Oda inali ya matisheti oyera 80 a mwambo wovundukula chiliza. Kutsogolo kunafunika chithunzi cha malemu, bambo wachikulire atavala suti yakuda ndi tayi, pansi pake dzina ndi zaka. Mtundu umodzi wokha, inki yakuda ya plastisol, yomwe ndi inki yodindira nsalu imene imauma ndi kutentha, chithunzi cha masentimita 28 m'lifupi. Shopu imene inalandira ntchitoyi ndi yozolowera zilembo, mabaji a sukulu ndi yunifolomu za makwaya, koma nkhope ya munthu inali isanadindepo. Matisheti asanu oyamba anathera ku nsanza zopukutira. Chipumi chinatuluka choyera mbee, suti, tayi ndi khosi zinasanduka chigamba chimodzi chakuda bii, ndipo m'masaya munadutsa mizere yokhotakhota ngati mafunde a pamadzi. Matendawa akuoneka atatu, koma anachokera pamodzi: manambala onse anasankhidwa pa kompyuta popanda kuyang'ana meshi, nsalu ya timabowo yokokedwa pa felemu ya sikirini yodindira, imene idzanyamule madontho a chithunzicho.

Sikirini siidziwa kutuwa. Pa bowo lililonse inki imadutsa kapena siidutsa, palibe za pakati. Kuti diso lione mthunzi wa pamphuno kapena kuwala kwa pachipumi, chithunzi chimaphwanyidwa kukhala timadontho tondondozana m'mizere, ting'onoting'ono powala, tikulutikulu pakuda. Imeneyi ndiye halftone. Pulogalamu ya pa kompyuta yopanga madonthowa imafunsa zinthu zitatu: mizere ya madontho ikhale ingati pa inchi, imene amalemba lpi, mizereyo ipendekeke madigiri angati, ndipo dontho likhale lotani. Poyamba paja anayankha 65 lpi, madigiri 45, dontho lozungulira. Anatulutsa pa pulinta ya laser pa tracing paper, n'kuwotcha padzuwa sikirini ya meshi yoyera ya 43T, yomwe ija amadindira zilembo. Kuwotchako ndi kuwalitsa emulsion, mankhwala opaka pa meshi amene amalimba akalandira kuwala, ndipo pamene madontho anaphimba amatsukika, mabowo n'kutseguka.

Masamu a meshi

Nambala ya meshi ndi kuchuluka kwa ulusi. Ogulitsa ena amawerenga pa sentimita, ena pa inchi, ndipo apa anthu amasokonezeka: 43T ndi 110, 77T ndi pafupifupi 195, 90T ndi 230, 120T ndi 305. Lamulo la ambiri ndi lakuti nambala ya pa inchiyo muigawe ndi 4 kapena 5, yankho lake ndiye lpi imene meshiyo ingakwanitse. Meshi ya 110 ikugwera pakati pa 22 ndi 27 lpi. Kuyikapo 65 kunali kulipiritsa ngongole imene meshiyo singabweze.

Lamuloli limamveka bwino mukayeza dontho lenilenilo. Pa 65 lpi, kabokosi kamene dontho limodzi limakhalamo ndi ma micron 391 mbali iliyonse, micron kukhala gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Meshi wamba ya 43T ili ndi ulusi wonenepa ma micron 80 ndi bowo la pafupifupi 150. Dontho lodalirika liyenera kuphimba bowo limodzi ndi ulusi uwiri wa m'mbali mwake, apa ndiye ma micron 310. Dontho la ma micron 310 m'kabokosi ka 391 latenga kale pafupifupi theka la malo. Ndiye kuti pa meshi imeneyi, chilichonse chopepuka kuposa pamenepo n'champhumi: dontho lina ligwera pa bowo lidinda, lina ligwera pa mphambano ya ulusi lisowa. Chipumi chinapita choncho.

Ku mbali yakuda vuto ndi lomwelo koma motembenuza. Pa 85 kapena 90 peresenti, kutanthauza gawo la kabokosi limene dontho laphimba, chimene chatsala pa sikirini si bowo laling'ono koma kachilumba kakang'ono ka emulsion, ndipo kachilumbako kamafuna ulusi woti kagwire. Kakapanda pogwira, madzi otsukira amakakokolola, malo onsewo n'kutseguka. Makwinya a suti ndi mzere wa tayi zinapita ndi madzi sikwiji, labala yokankhira inki, isanakhudze sikirini.

Pa meshi ya 90T, ya ulusi wa ma micron 48 ndi bowo la pafupifupi 55, dontho laling'ono lodalirika ndi la ma micron 150 ndi pang'ono. Pa 55 lpi limenelo ndi dontho la pakati pa 8 ndi 9 peresenti, pa 45 lpi ndi la 6 peresenti. Meshi ya 120T imagwira dontho la 5 peresenti pa 55 lpi, koma imafuna sikirini yokokedwa bwino kwambiri, inki yofewa ndi dzanja lozolowera. Apa anasankha 90T yachikasu ndi 45 lpi. Ena amanyoza 45 kuti madontho amaoneka. Amaonekadi mukayandikiza mphuno pa nsalu, koma tisheti anthu amaiona ali mapazi awiri kapena atatu kutali, ndipo nkhope ya madontho ooneka koma athunthu imaposa ya madontho osalala amene theka lawo lasowa. Amene ali ndi 77T yokha atsikire ku 35 lpi, ntchito ituluka.

Mafunde a m'masaya

Mizere yokhotakhota ija, imene amaitcha moiré, imabadwa pamene zinthu ziwiri za mizere yobwerezabwereza zasanjikizana mosagwirizana. Ulusi wa meshi umayenda pa madigiri 0 ndi 90, ndipo mphambano zake zimapanga mizere ina pa 45. Madigiri 45 ndi abwino pa nyuzipepala chifukwa kumeneko kulibe meshi. Pa sikirini, mzere wa madontho umagona ndendende pa mzere wa mphambano, kenako n'kumasemphana nawo pang'onopang'ono, choncho madontho amatsekeka m'magulumagulu. N'chifukwa chake odinda nsalu ambiri amaika 22.5, pakati penipeni pa 0 ndi 45.

Nambalayi si mankhwala a zonse. Meshi ikakokedwa pa felemu ulusi umatalikirana, 230 sikhalanso 230 ndendende, ndipo ngati inakokedwa mopendekeka madigiri anu asintha kale. Kuyesa kwake n'kosavuta. Ikani filimu, pulasitiki yoonekera imene mwatulutsirapo madontho, pa galasi lowala kunsi, gonekani sikirini yopanda emulsion pamwamba, muitembenuze pang'onopang'ono. Muona mafunde akukula kenako akuzimirira. Ngati akuzimirira pamalo pena osati pamene sikirini yaongoka, sinthani madigiri mu pulogalamu ndi kusiyana komweko, kapena tsitsani lpi ndi 1 kapena 2.

Dontho anasintha kukhala la ellipse, looneka ngati dzira. Dontho la makona anayi limakumana ndi anzake mbali zonse nthawi imodzi pa 50 peresenti, ndipo pokumanapo inki imadzaza mwadzidzidzi, mthunzi n'kudumpha. La dzira limayamba kukumana ndi anzake awiri ku nsonga, awiri enawo pambuyo pake, kudumphako kumagawika pawiri ndipo tsaya limatsetsereka bwino.

Kutulutsa madontho

Ambiri amalowa mu CorelDRAW, pa Print, n'kusankha separations, n'kudabwa kuti malo olembamo lpi ndi madigiri sakutseguka, kapena alemba koma pulinta yatulutsa fumbi la timadontho tomwazika. Chifukwa chake ndi chakuti malangizo a halftone amayenda m'chinenero cha PostScript, ndipo mapulinta a inkjet a muofesi sachimva. Dalaivala wawo, kapulogalamu koyendetsa pulinta, amapanga kutuwa m'njira yake, ndi timadontho tating'ono kwambiri toti meshi iliyonse singatigwire. Pamafunika womasulira pakati, amene ndi RIP, pulogalamu yosandutsa malangizowo kukhala madontho amene pulinta ingatulutse.

Mapulogalamu ogula monga AccuRIP ndi FilmMaker anapangidwira ntchito yomweyi. Amaoneka ngati pulinta ina pa kompyuta, mumawauza lpi, madigiri ndi dontho, iwo n'kulamula inkjet mwachindunji, kuphatikizapo kuchuluka kwa inki imene ithiridwe. Kwa shopu yodinda zithunzi sabata iliyonse ndalama yake imabwerera. Kwa oda imodzi ngati iyi pali njira zosagula kanthu. Mu CorelDRAW mungasankhe Device Independent PostScript File m'malo mwa pulinta, malo a lpi aja atseguka, faelo yotulukayo muidutsitse mu Ghostscript, yomwe ndi yaulere, kuti ikhale TIFF ya zakuda ndi zoyera zokha. Njira imene inagwiritsidwa apa ndi ya Photoshop: Image, Mode, Grayscale, kenako Image, Mode, Bitmap, Output 720, Method kukhala Halftone Screen, Frequency 45, Angle 22.5, Shape kukhala Ellipse.

Nambala ya 720 ili ndi chifukwa. Dontho lililonse limamangidwa ndi timadontho ta pulinta, ndipo masitepe a kutuwa amene mungapeze ndi dpi, timadontho ta pulinta pa inchi, kugawa ndi lpi, yankho kulichulukitsa ndi lokha, kuonjezapo 1. Pa 720 ndi 45 yankho ndi 16, ndiye masitepe 257, okwanira chithunzi chilichonse. Mukasiya Output pa 300, masitepe amatsika kufika 45 okha, madontho amatuluka a mano ngati sowo, ndipo pa tsaya pamaoneka timizere ta masitepe. Mapulinta a Epson amayenda ndi 360, 720 ndi 1440, pomwe a Canon ndi HP amayenda ndi 300, 600 ndi 1200, choncho sankhani nambala ya banja la pulinta yanu kuti dalaivala asawerengenso madonthowo. Chithunzi chikangosanduka Bitmap musachikulitse, musachichepetse, musachitembenuze, ndipo potulutsa zimitsani Scale to Fit. Kusintha kukula ndi 2 peresenti yokha kumabweretsa mafunde pa filimu pomwe, meshi isanafike n'komwe.

Za chithunzi choyambira sizinavute monga amaopera. Chinabwera pa WhatsApp, mapikiselo 1,200 m'lifupi. Pa masentimita 28, omwe ndi mainchi 11, amenewo ndi mapikiselo 109 pa inchi, ndipo halftone imafuna kuwirikiza kawiri lpi, apa 90. Chinakwana. Zovuta ndi nkhope yodulidwa pa chithunzi cha gulu la anthu pa ukwati, imeneyo pemphani china. Dzina ndi zaka anazichotsa mu chithunzi n'kuzilemba padera zakuda 100 peresenti. Zikasiyidwa mkati, kuda kwa RGB kumatha kugwera pa 90 ndi kanthu posintha, zilembo n'kutuluka ndi timabowo ndi m'mphepete modyeka.

Dontho limanenepa

Apa ndi pamene nkhope zambiri zimafera, ndipo malangizo ochuluka a pa intaneti sathandiza kwenikweni chifukwa zitsanzo zawo ndi za khungu loyera. Pa chithunzi chakuda ndi choyera, nkhope ya munthu wakuda imakhala yambiri pakati pa 50 ndi 85 peresenti. Kumeneko n'kumene inki imafalikira kwambiri. Plastisol ikakankhidwa kudutsa bowo imayala m'mbali pa thonje, dontho la pa nsalu n'kukula kuposa la pa filimu, ndipo mipata yoyera ya pakati, yomwe kale ndi yaing'ono, imatsekeka.

Asanakhudze chithunzi, anapanga mzere woyesera: mabokosi a masentimita awiri a 5, 10, 20, 30 mpaka 90, 95 ndi 100 peresenti, pa 45 lpi yomweyo, meshi yomweyo, sikwiji yomweyo, pa tisheti imodzi ya m'gulu lomwelo. Makina oyezera kuda panalibe, choncho anayerekeza ndi maso mzerewo ndi mabokosi otuwa a papepala, atayima patali. Bokosi la 5 linasowa. La 10 linagwira. La 30 linaoneka ngati 50, la 50 ngati 75, la 70 ngati 90, ndipo kuyambira 85 zonse zinali zakuda mofanana. Manambalawa ndi a tebulo limenelo ndi dzanja limenelo, anu adzasiyana, koma njira yowagwiritsira ntchito ndi imodzi: muwerenge chobwerera. Mukufuna 50 pa nsalu, tumizani 30 pa filimu. Mukufuna 75, tumizani 50.

Mu Curves ya Photoshop, posinthira kuwala ndi kuda kwa chithunzi, atasintha kuti manambala azioneka m'maperesenti a inki, anakokera 50 kutsika ku 30, 75 ku 50, 90 ku 70. Powala kwambiri pa chipumi ndi pamphuno anakweza kuti pasatsike pansi pa 8, chifukwa malo opandiratu madontho pakati pa nkhope amaoneka ngati bala. Suti anaisiya pakati pa 65 ndi 80, kuda kwathunthu kukhala m'maso, m'mphuno ndi pansi pa kolala pokha. Pa kompyuta chithunzi chotere chimaoneka chosuluka, ndipo wachibale amene anabwera kudzaona anafunsa kuti, "Kodi bambowa atuluka otuwa chonchi?" Musamuonetse kasitomala faelo yokonzedwayi, muonetseni tisheti.

Msampha wina uli kwa amene ali ndi RIP. Ambiri mwa mapulogalamuwa ali ndi malo awoawo ochepetsera kunenepa kwa dontho. Mukakonza mu Photoshop n'kukonzanso mu RIP mwachotsa kawiri, nkhope ituluka yofooka. Sankhani malo amodzi.

Filimu

Tracing paper ya laser inalephera pawiri. Toner, inki ya ufa ya pulinta ya laser, siida mokwanira, kuwala kumalowa, ndipo kutentha kwa makinawo kumakwinyitsa pepala. Pa zilembo anthu amasanjikiza mapepala awiri kuti kuda kuchuluke, koma pa halftone madontho masauzande sangagwirizane ndendende, ndiye mwadzipangira moiré nokha. Anatenga filimu ya inkjet yosalowa madzi. Mbali yolandira inki imadziwika ndi chala chonyowa, imamata. Mu dalaivala anasankha pepala la zithunzi lonyezimira, kutulutsa kwapamwamba kwambiri, n'kuzimitsa zonse zokonza mitundu. Filimu yabwino mukaiyika pa tochi ya foni, malo akuda saonetsa kuwala kapena amangoonetsa kadontho kofooka. Koma musathire inki mopyola: ikachuluka imayala pa filimu pomwe, dontho n'kunenepa lisanafike pa sikirini. Kagalasi kokulitsa kakhumi kamaonetsa ngati m'mphepete mwa dontho muli mwakuthwa komanso ngati timipata ta pa 80 peresenti tili totseguka. Ipatseni filimu mphindi zingapo iume musanaigoneke pa emulsion.

Kupaka ndi kuwotcha

Meshi yokhomedwa ndi manja pa felemu yathabwa imapirira zilembo koma pa madontho imagwedera, inki n'kupaka. Sikirini ya halftone ikhale yolimba kufika ma newton 20 pa sentimita kapena kuposa, womwe ndi muyeso wa kukokeka kwa meshi, ndipo mafelemu a aluminiyamu okokedwa ndi makina ndi amene amasunga kulimbako. Meshi yachikasu imayamwa kuwala kumene yoyera imamwaza cham'mbali pansi pa dontho. Imatenga nthawi yotalikirapo kuwotcha, koma timabowo tating'ono timakhala totseguka.

Atachotsa mafuta pa meshi n'kuiumitsa, anapaka emulsion ndi mbali yakuthwa ya chopakira, kawiri ku mbali ya tisheti, kamodzi komaliza ku mbali ya sikwiji kuti ikankhikire kunja. Anaumitsa itagona, mbali ya tisheti kuyang'ana pansi, mu mdima, fani ikupemerera. Nthawi ya dzinja emulsion imanamiza, pamwamba pouma mkati muli chinyezi, ndipo yotere siipsa bwino ngakhale muonjeze mphindi. Ikhale usiku wonse ngati n'kotheka. Emulsion yonenepa kwambiri imasandutsa kabowo kakang'ono kukhala chitsime chakuya chimene inki siituluka.

Dzuwa lili ndi UV wambiri ndipo limawotcha bwino, vuto lake ndi lakuti la 10 koloko si la 1 koloko, ndipo kamtambo kamodzi kasintha zonse. Pa zilembo kusiyana kumeneku sikupweteka. Pa madontho, kupitiriza pang'ono kumatseka powala, kuperewera pang'ono kumakokolola pakuda. Anagwiritsa nyali imodzi ya UV LED ya 395 nm, itapachikidwa patali kuposa kutalika kwa sikirini kuchokera pa kona kukafika kona ya mbali inayo. Nyali imodzi imaponya mthunzi wakuthwa, pomwe machubu ambiri oyandikira amalowetsa kuwala cham'mbali. Mbali ya inki ya filimu inakhudza emulsion, galasi loyera la mamilimita 5 pamwamba, siponji yokutidwa ndi nsalu yakuda kunsi mkati mwa felemu, zolemera m'makona a galasi. Kampata kochepa ngati tsitsi pakati pa filimu ndi emulsion n'kokwanira kudya dontho la 10 peresenti.

Nthawi yowotchera palibe munthu angakuuzeni, chifukwa imadalira nyali, mtunda, emulsion ndi meshi. Ikani mzere woyesera uja kasanu pa sikirini imodzi, muziphimba ndi katoni n'kumatsegula gawo limodzi pa nthawi yofanana. Gawo loyenera ndi limene 10 peresenti yatseguka, 85 yagwira, ndipo mbali ya sikwiji siiterera mukaikhudza ili yonyowa. Kuterera ndi chizindikiro cha emulsion yosapsa, ndipo madzi ake akauma amasiya kautoto konyezimira m'mabowo kamene kamatseka inki ngakhale diso likuona potseguka. Potsuka, nyowetsani mbali zonse, dikirani mphindi imodzi, popani madzi kuchokera ku mbali ya tisheti, kenako mamatizani pepala la nyuzi lopanda zolemba kuti limwe madziwo. Ikauma iyikeni padzuwa ilimbe.

Pa tebulo

Poyamba paja anadinda ndi sikwiji yofewa yobuntha, kawiri, ndi mphamvu zonse. Kukoka kwachiwiri kumaonjezera inki pa dontho lililonse, ndipo ngati nsalu yasuntha pang'ono madontho amatuluka ndi mapasa. Ulendo uno anatenga sikwiji ya zigawo zitatu ya 70/90/70, yolimba pakati yofewerapo kunja, yakuthwa, yoyimirira pafupifupi madigiri 75, kuyala inki mopepuka osaikankhira m'mabowo, n'kukoka kamodzi mofulumirirapo ndi mphamvu yongokwana kusesa meshi. Sikirini inatalikira nsalu mamilimita awiri kuti izidzuka yokha kumbuyo kwa sikwiji, ndipo kandalama komatidwa kunsi kwa felemu kutsogolo kanasunga mpatawo. Guluu wa pa bolodi anamuonjeza pafupipafupi. Inki inali yolimba m'chitini, anaitakasa kaye mpaka kufewa, n'kuthiramo curable reducer, mankhwala ofewetsera plastisol, osapitirira magawo 5 pa 100.

Pofika tisheti ya m'ma 20 suti inayamba kuda kuposa zoyamba. Inki inali itaunjikana kunsi kwa sikirini m'mphepete mwa mabowo, komanso bolodi litafunda inki inafewa. Kudinda kawiri katatu pa pepala kunachotsa yambiri, ndipo kunsiko anapukuta ndi nsalu youma. Tisheti yoyamba yabwino anaipachika pakhoma kuti iliyonse yachikhumi aziiyerekeza nayo. Plastisol anaiumitsa pa madigiri 160 a Celsius, ndipo poyesa anakoka nsalu pa suti paja: inki yopsa imatambasuka ndi nsalu, yosapsa imang'ambika ndipo imachoka pa kuchapa koyamba.

Banja litapempha matisheti 10 akuda oonjezera, filimu ija sinagwirenso ntchito. Pa nsalu yakuda inki yoyera imadinda powala, ndiye chithunzi chimatembenuzidwa ndi Invert chisanasanduke madontho, apo ayi malemu atuluka ngati negetivu. Inki yoyera ndi yolimba ndipo imanenepa mosiyana ndi yakuda, choncho anatsikira ku 77T ndi 35 lpi, n'kuyambanso ndi mzere woyesera watsopano.